Mvula ya m'Filiji ya Mai Shawa

Ku Kabwata, mumsewu wa kuseri kwa msika, aliyense amadziwa kuti mitambo ikayamba kuda usawayambe nkhani Mai Winifred Shawa, chifukwa akusiya pakati pa chiganizo. Anzawo amathamangira kukaanula zovala. Iwo amathamangira kukavundukula fanelo yawo yotungira mvula.

Ntchito yawo yeniyeni ndi utelala. Makina awo osokera akhala pakhonde zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo akwatibwi ambiri a m'dera limenelo analowa m'tchalitchi atavala zosoka zawo. Lachiwiri lililonse amapita ku Kamwala kukagula nsalu. Amuna awo, Bambo Gerald, anapuma ntchito ya muofesi, ndipo masiku ano amawerenga nyuzipepala n'kumauza anthu nkhani zimene anthuwo anazimva kale pa wailesi.

Zamvulazi anabwera nazo ndi Pearl, mwana wawo wamkazi, amene akuchita maphunziro apamwamba ku yunivesite ina ku South Africa. Zaka zitatu zapitazo anafika patchuthi atanyamula fanelo, katoni ya timabotolo totalika ngati chala, ndi chigoba cha nkhono chokulungidwa m'thonje.

"Mami, musachigwile na mphamvu. Chili na zaka fifitini sauzande."

"Chigoba cha nkhono? Kuseli kwa bafa ziliko zambili, za mahala."

Pearl anafotokoza kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono. Chigobacho chinakumbidwa m'phanga lina kum'mawa kwa Lusaka, pansi pa phulusa la anthu akale. Nkhonoyo inali moyo pa nthawi imene madzi oundana, omwe anakuta maiko akumpoto kwa zaka zikwizikwi, ankasungunuka, dziko n'kuyamba kufunda. Za kumpotoko zinalembedwa zambiri. Nanga kuno mvula inkagwa bwanji masiku amenewo? Inkayamba mwezi uti, inkatha liti, inkabwera yamkuntho kapena yowaza? Nkhono imakula m'dzinja n'kugona m'chilimwe, ndipo madzi amene imamwa amasiya chizindikiro m'chigoba chake, mzere ndi mzere. Madzi a mvula yoyamba ndi a mvula ya pakati pa dzinja amaoneka amodzimodzi m'kapu, koma makina a ku yunivesite amawasiyanitsa. Kungoti munthu sangawerenge chigoba chakale asanaphunzirire pa nkhono za lero ndi mvula ya lero, nyengo zitatu za dzinja zotsatizana, osadumpha.

"Ndiye nifuna munthu wamene amankhala pa nyumba," anatero Pearl.

Mai Shawa anayang'ana amuna awo, amene amakhala panyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bambo Gerald anakweza nyuzipepala mpaka inawabisa mphumi.

Fanelo ija inamangidwa pachitsulo pakati pa bwalo, kutali ndi denga ndi mtengo wa mango. Lamulo linali lakuti mvula ikangokata, madzi athiridwe m'kabotolo dzuwa lisanawanyambite, katsekedwe zolimba, kamatidwe tepi, palembedwe tsiku, ola ndi kuchuluka kwa mvulayo, kenako m'filiji. Pearl analemba kapepala koyamba kuti kakhale chitsanzo, pansi pake n'kuikapo zilembo zoyamba za dzina lake, P.S. Mai Shawa ndi munthu wozolowera kutsata patani. Anakopera zonse monga zinalili, ulendo uliwonse.

Ndiyeno zinayamba. Anasiyapo mkwatibwi ali chiimire pakhonde, mikono m'mwamba, mapini m'chiuno, akufuula kuti, "Anti, nipume kapena nisapume?" Anatulukapo m'Misa pa nthawi ya chopereka, anthu n'kumayang'anana. Nkhuku ndi soseji zinasamukira m'filiji ya aneba, chifukwa mvula inalanda shelefu yoyamba, kenako yachiwiri, kenako ndi kabati ya masamba yomwe. Kuseri kwa nyumba, m'bafa lakale lachitsulo, munali nkhono khumi ndi ziwiri zodya kabichi. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse Mai Shawa ankazitola imodziimodzi n'kupaka kadontho ka kyuteksi wofiira m'mphepete mwa chigoba, kuti Pearl adzadziwe pamene inafika mwezi umenewo. Amai a mumsewumo ankati nkhono za kwa Shawa zimapita ku saluni kawirikawiri kuposa eni nyumba.

Kyuteksi yemweyo anali ndi ntchito ina. Pearl akanena pafoni kuti, "Mami, ya lelo ni yofunika maningi," iwo ankajambula kamtanda kofiira pachivundikiro, monga amachitira ndi choko pansalu yosayenera kudulidwa.

Palibe anawafunsapo kuti zonsezi zimawadyera maola angati, ndipo iwonso sanawerengepo. Chimene sankauza munthu n'chakuti anazikonda. Mvula iliyonse ankaikumbukira ngati kasitomala: iyi inabwera mochedwa, iyi inalonjeza zambiri n'kusiya madontho asanu, iyi inabwera ndi matalala n'kuthyola mapapaya.

Mu Epulo wa chaka chachitatu, Lachinayi masana, Pearl anafika kudzatenga mvula yake. Ndege yobwerera inali ya Loweruka m'mawa. Anayala timabotolo tonse patebulo, amai ake akuwerenga m'kope, iye akuloza. M'kope munali mvula mazana awiri ndi zisanu ndi zinayi. Patebulo panali timabotolo mazana awiri ndi tisanu ndi kamodzi. Anabwereza. Titatu tinasowa, tonse ta mitanda, ndipo kamodzi kanali ka pa 2 Novembala, mvula yoyamba ya dzinja lachitatu.

Pearl anakhala pansi pasimenti.

"Mami, iyo ndiye inautsa nkhono. Mzele woyamba wa chaka chino uyambila pamenepo. Ngati kulibe, chaka chachitatu chilibe mutu. Ku yunivesite bazakamba kuti nilindile mvula ina, ndipo nthawi yanga ku sukulu isila Disembala."

M'chipinda chochezera nyuzipepala inasiya kulira.

"Amake Pearl," anatero Bambo Gerald, mawu ali pansipansi, "aja a mitanda... sanali a ku tchalitchi?"

Zinaululika kuti mwezi wathawo, Lachiwiri lina Mai Shawa ali ku Kamwala, kunabwera Monalisa, mlongo wawo wa Bambo Gerald, wa ku Chelstone. Anatsegula filiji kufuna madzi ozizira, n'kuona timitanda tofiira tili ndandanda. Anadandaula kuti alamu ake akusunga madzi odalitsa ochuluka chonchi pamene odwala ali mbwee.

"Ndiye munatani, atate ake Pearl?"

"Ninati tengako. Munthu angakanize madzi odalitsa? Nikayankhe chani kumwamba?"

"Muyambe mwayankha pansi pano."

Lachisanu m'mawa Mai Shawa ndi Pearl anakumana ndi Monalisa pasiteji ya minibasi ku Woodlands. Anampeza atavala chitenje cha mpingo ndi bulauzi yoyera, chikwama chodzaza sopo ndi fulasiki ya phala chili paphewa. Monalisa amayendera odwala a mumphakati mwawo Lachitatu ndi Lachisanu lililonse. Amawasambitsa, amawasesera, amawachapira, ndipo wakhala akutero zaka khumi ndi chimodzi popanda wolemba penapake kuti anabwera. Atamva nkhani yonse anagwira pamutu.

"Mayo ine! Nadalitsa Lusaka yonse na mvula ya ku Kabwata!"

"Anti, simunaone kuti pali deti na taimu?" anafunsa Pearl.

"Ninaona. Ninati ni tsiku lamene Bambo Mfumu anadalitsa. Ninati koma alamu anga ni a dongosolo!"

Mai Shawa anafuna kukalipa, koma pakamwa panatuluka kuseka, ndipo anachita kugwira mtengo wa magetsi. Monalisa ankakumbukira bwino anthu atatu amene anawapatsa. Chimene sankadziwa n'chakuti kabotolo kati kanapita kwa yani.

Woyamba anali Kevin, mwana wa wapampando wa kwaya, bambo wa ana awiri amene anali atangogula galimoto yoti aziyendetsa ngati takisi. Anampeza akuipukuta pageti.

"Ba Anti! Muli shani? Imwe, madzi yaja ni yamphamvu. Kuchokela tsiku lija palibe anigunda, na kapokola wa tilafiki sananiimikepo."

Kabotolo kanali lende pagalasi loonera kumbuyo, pamodzi ndi korona, kopanda ngakhale dontho. Monalisa anali atawaza paboneti, pamatayala onse anayi, ndi pa la sipeya lomwe. Pearl anakatembenuza n'kuwerenga.

"Naintini Januwale." Anapuma mozama. "Iyi nili na inzake ya tsiku lotsatilapo. Ningapilile."

"Inali mvula yabwino," anatero Mai Shawa. "Mamilimita fote-thuu. Inagwetsa mpanda wa aneba."

Kevin anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Atamufotokozera anayamba kusisita boneti.

"So motoka yanga inasambitsidwa chabe?"

"Uzaipeleka kwa Bambo Mfumu pa Sande," anatero Monalisa. "Manje tsegula chitseko, utipeleke ku Kabulonga. Uyendetse bwino, siinadalitsidwe."

Kevin anayendetsa ngati wanyamula mazira, manja onse awiri pachiwongolero.

Ku Kabulonga anaima pageti lakuda lalitali, la mpanda wa mawaya a magetsi pamwamba. Mlonda wa pamenepo, Bambo Chola, amavutika maondo, ndipo Monalisa amawadziwa chifukwa akazi awo ndi a mumphakati mwake. Anatuluka pa kakhomo kakang'ono akumwetulira, n'kukweza mwendo umodzi kuonetsa kuti ukupindika.

Kabotolo kanali pawindo la kanyumba ka ulonda, padzuwa, tepi atachotsa, chivundikiro chongoikapo. Madzi anali atatsala theka. Pearl anawerenga kapepalako maso atatsinzina mbali imodzi.

"Twente-folo Disembala."

"Tengani, ba sisita, ngati ni yanu," anatero Bambo Chola, nkhope itagwa.

Pearl anapukusa mutu. Anafotokoza kuti madzi akakhala padzuwa osatsekedwa, mbali yake yopepuka imathawa, ndipo otsalawo ukawaika m'makina amanena bodza. Amenewa analibenso ntchito kwa iye.

"Nanga maondo yanga? Yanapola na mvula chabe?"

"Sungani, Bambo," anatero Mai Shawa. "Imeneyo ninaitunga nitasiya keke ya Khisimisi mu uvuni, ndipo keke inapsa. Siili chabe."

Bambo Chola anakatenga n'kukatseka bwinobwino, n'kukaika m'thumba la pachifuwa.

Anakweranso galimoto. Tiwiri tapezeka, ndiye kuti ka pa 2 Novembala kali kwa munthu wachitatu. Monalisa anayamba kupinda ndi kupindula mpango wake.

"Kambani, alamu," anatero Mai Shawa.

"Ni ba Sisita Emmy. Aja anali nesi. Imwe, munthu uja mankhwala samadumphitsa. Ukamuuza katatu pa tsiku, ni katatu pa tsiku. Mwezi wathunthu... olo dontho sinikhulupilila."

Pearl anatsamira pawindo. Amai ake anamugwira bondo. Anaikumbukira mvula ija. Linali Loweruka, dzuwa litawotcha sabata zitatu mpaka phula kufewa. Cha m'ma thuu koloko mphepo inanyamula mapepala a msika wonse, kenako madontho akuluakulu, fungo la fumbi lonyowa, ana akuvina mumsewu. Iwo anaima pafupi ndi fanelo diresi la mwini lili paphewa. Madzulo ake nkhono zonse khumi ndi ziwiri zinatulutsa nyanga.

Sisita Emmy amakhala ku Chelstone m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anagwa m'bafa chaka chatha n'kuthyoka m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo amalamulira dziko ali pabedi, ndodo m'manja, wailesi pamtsamiro.

"Mona, wachedwa na maola awili. Ndipo wabwela na gulu. Nafa kale kodi, sananiuze?"

Monalisa anagwada m'mbali mwa bedi n'kuyamba kufotokoza mozungulira, kuyambira pa ludzu limene anali nalo Lachiwiri lija. Sisita Emmy anamudula ndi ndodo.

"Mwabwelela sampulo."

Kenako analoza Pearl ndi ndodo yomweyo.

"Iwe mtsikana, tsegula filiji. Kumbuyo kwa majalini."

Pearl anapita mothamanga, n'kubwera atakafumbata ndi manja awiri. Kanali kodzaza mpaka m'khosi. Tepi inali momwe Mai Shawa anaimatira, kamtanda kofiira kali pamwamba.

"Simunatsegule!" anafuula Pearl. Anayamba kudumphadumpha ngati mwana wa giredi wanu, akupsompsona kabotolo, akupsompsona amai ake, ndi Kevin yemwe anatsala pang'ono kulandira.

"Nitsegule? Zaka sate-faifi m'chipatala, nisadziwe sampulo? Madzi odalitsa ya deti, ola na mamilimita? Poyamba ninati ni mkodzo wa munthu wokumwa madzi maningi."

"Sisita!" anatero Monalisa. "Nanga Lachitatu lililonse munali kukamba kuti yakuthandizani!"

"Unakwela mabasi awili kunibweletsela, unanisambika, unanichapila mashiti. Nikanakuuza kuti wanyamula vya mu labu? Ninati mwine wake azabwela. Sampulo siyenda yeka." Anatambasula dzanja. "Bweletsa kuno. Siichoka m'nyumba muno nisanaione bwino."

Anavala magalasi n'kuwerenga kapepalako mokweza, mzere ndi mzere, monga ankachitira pa wodi. Anafuna kudziwa kuti mvula ikudwala chiyani kuti ipimidwe. Pearl anafotokoza za phanga, za chigoba, za madzi oundana amene anasungunuka kalekale, ndi kuti akufuna kudziwa ngati anthu a m'phangamo ankadikira mvula mpaka Novembala ngati ife, kapena inkawapeza msanga, kapena inkawanamiza. Sisita Emmy anagwedeza mutu, chala chili pansi pa kapepala.

"Wotenga sampulo, P.S. Ni ndani P.S.?"

"Ndine. Pearl Shawa."

"Pa thuu Novembala unali kuti?"

"Ku sukulu. Ku South."

"Uli na dzanja litali."

Pearl anasendera pafupi. Anayang'ana kapepalako ngati akukaona koyamba. Zilembo zinali za amai ake, zopendekera kumanja, zomwe zija amalembera miyezo ya m'chiuno ndi m'mapewa.

"Ninangokopela momwe analembela," anatero Mai Shawa, akukonza mpango umene sunasokonekere. "Si kanthu. Maphunzilo ni ake."

"Maphunzilo ni ake, mvula ni yanu. Ku wodi kwanga wotenga magazi ndiye amasaina. Dokotala asaine pake. Ngati makina yapeza chodabwitsa pa botolo iyi, bazafunsa ndani kuti kunali mphepo kapena fanelo inali na fumbi? Uyu wa dzanja litali?" Anaika kabotolo pansi pa mtsamiro n'kugonera. "Sinipeleka sampulo ya lebulo yabodza. Mona, bolopeni ili mu dilowa."

Pearl anakhala m'mphepete mwa bedi. Sisita Emmy anatulutsa kabotolo koma osakasiya, ndipo Pearl anakhwatcha P ija ndi mzere umodzi, n'kulemba W pambali pake. Maso ake anali atanyowa.

"Yatsala thuu handiredi na sikisi," anatero. "Na m'mabuku mwanga monse. Mami, zaka zitatu sininaone."

"Unali kuyang'ana zakale kwambili," anatero amai ake, ndipo Monalisa anaseka mpaka kukhala pansi.

Sanachoke msanga. Linali Lachisanu, tsiku losambitsa, ndiye Monalisa anatenthetsa madzi, Mai Shawa anasintha mashiti, Pearl anasesa, Kevin anatumidwa kukataya zinyalala. Potsanzikana Sisita Emmy analamula kuti dzinja likubwerali amumangire fanelo yakeyake pawindo, chifukwa mvula ya ku Chelstone si ya ku Kabwata, ndipo wina ayenera kuilemba moyenera.

Ali pamsewu wobwerera, kabotolo kali m'fulasiki ya phala yotsukidwa bwino, kumwamba kunachita mdima mbali ya kumwera. Mvula ya mu Epulo, yotsanzika. Dontho loyamba linagwa pagalasi.

"Fanelo!" anakuwa Mai Shawa. "Ninaivundikila m'mawa! Kevin, ponda!"

"Ba Anti, motoka siinadalitsidwe!"

"Ponda, nizakupemphelela ine!"

Anafika ku Kabwata mvula ili pakati. Mai Shawa anatsika galimoto isanaimitsitse, n'kukankha geti. Pakati pa bwalo panaima Bambo Gerald. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu anali atavundukula fanelo okha, popanda wowauza, ndipo anaima pambali pake kuilondera, chifuwa chili patsogolo. M'dzanja anagwira ambulera yaikulu ya mizeremizere, imene inawaphimba bwinobwino iwo pamodzi ndi fanelo yomwe.

"Amake Pearl, mwaona? Nagwila nchito!"

"Atate ake Pearl, sendelani uko!"

Anasendera. Mvula inagwanso mphindi khumi, yokwanira kudzaza kabotolo kamodzi.

Madzulo amenewo dzuwa lisanalowe anakhala onse pakhonde, makina osokera atakankhidwira kukhoma. Pearl ankatulutsa timabotolo khumikhumi m'filiji, kukonza zilembo, n'kubwezera tisanafunde. Monalisa ankapukuta, ataletsedwa kukhudza kalikonse ka mtanda. Bambo Gerald anafunsa ngati pa ka lero sipangalembedwenso G, poti anathandizako, ndipo anauzidwa kuti dzina lawo lilowa m'kope, pa mzere wofotokoza chifukwa chake mvula ya tsikulo inachepa.

Kapepala ka mvula yotsanzikayo analemba ndi Mai Shawa. Tsiku, ola, mamilimita atatu. Atafika pansi dzanja linayamba lokha kukoka mzere wa P, monga linazolowera. Anaima, n'kupukuta bolopeni pachitenje, n'kulemba W yaikulu kuposa zilembo zina zonse, moti S inachita kupanikizika pakona.